Ndikufuna kusiya mpanipani wa mu Lilongwe ndibwerere kwathu ku Dedza, kodi ndapenga?

MwanaWaBembeke:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndagwira ntchito mtauni zaka 9, malipiro sioipa koma pofika pa 15 ndimakhala nditauma kale. Lendi ku Area 25, minibasi, bandulo, zopereka za maukwati m'magulu a WhatsApp zosatha, kuonjezera banki m'khonde ziwiri. Sabata yatha ndikukonza m'nyumba ndinapeza nsapato mapeyala 14, zina za pakaunjika zoti sindinavalepo olo kamodzi, sofa ndikubwezabe ngongole yake koma ndimakhalapo lamulungu lokha. Ndikuganiza zogulitsa zambirizi, ndizigwira za maakaunti pa laputopu ndili kumudzi, nkumalimako kachewere pang'ono. Alipo anayesapo?

NaNgozo wa pa Lizulu:
Kkkk achimwene, moyo wa katundu wochepawo ife tinauyamba kalekale, mphasa, mbale zitatu ndi kawailesi, kungoti ife sitinachite kusankha. Koma musanamizidwe kuti kumudzi kulibe liwiro. Bwerani pa Lizulu m'mamawa muone azimayi akuthamangira mabasi pa M1 ndi mabeseni a tomato ndi kabichi, adzuka tambala asanalire amenewo. Kachewereyonso si yongoponya pansi ayi, imafuna feteleza ndi mankhwala a chiwawu, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba la feteleza sililankhulika.

Mbewe_DZ:
Amwene ine ndinachita zimenezi, pano ndili pa boma penipeni. Chomwe ndinaona nchakuti katundu sanali vuto kwenikweni, vuto linali loti sindimatha kukana. Aliyense akandiika mukomiti ya ukwati ndimavomera, wina akagula TV yaikulu nane mtima phaphapha mpaka ndinakalowa kwa akatapila. Ndiye musanapakire yambani mwatseka ngongolezo, tulukani m'magulu ena, muone ngati miyezi itatu mungakhale osagula chatsopano muli konko ku 25. Zikakanika kumeneko ndiye kuti ku Bembeke mukangosamutsirako mavuto omwewo.

China, konzekani zokamba za anthu. Ine azakhali anga mpaka lero amakhulupirira kuti anandichotsa ntchito, pa maliro amachita kundinong'oneza kuti pepa mwanawe zidzayendanso. Koma panopa ndimadya nsima ya masana ndi ana anga, madzulo ndimakwerako phiri la Dedza, mutu uja unkandiwawa tsiku ndi tsiku unasiya. Ndalama ndi zochepa kusiyana ndi kale, sindinama. Lilongwe ndi makilomita ngati 85 basi, kasitomala akakufunani mumapita m'mawa nkubwerako tsiku lomwelo. Kungoti kayeseni kaye netiweki kwanuko musanalonjeze mabwana.

Majekete ndi mabulangete okha musagulitse, mwaiwala kuzizira kwa Juni kuno inu.

MwanaWaBembeke:
Zikomo nonse. Achemwali a pa Lizulu mwandilasa kkk. Ndiyamba ndi miyezi itatuyo, gulu limodzi ndatulukamo kale ndipo andiimbira kawiri. Amene akufuna nsapato saizi 8 andipeze ku inbox.