Mbululu za Plectrohyla zayera kukamwa: ndi chytrid kapena ayi?

Wofufuza m'mitsinje: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tili kuno ku Cusuco, m'mapiri a ku Honduras, tikuwerenga achule a m'mitengo aja a Plectrohyla. Lero ndatembenuza mbululu zingapo za mumtsinje wa kumtunda, ndapeza kuti timizere takuda ta m'kamwa, timene zimapalira ndere pamiyala, tayera mbee. Zina tathothokeratu. Ndilembe kuti ndi chytrid, matenda a fangasi opha achule aja?

Mayi a ku labu: Musalembe kaye, achimwene. Chizindikiro chake n'chomwecho ndithu, chifukwa fangasi ameneyu, Batrachochytrium dendrobatidis, amakhala pomwe pali keratin, chinthu cholimba chonga chimene chimapanga zikhadabo zathu, ndipo mbululu ili nayo kukamwa kokha. Koma maso okha sagamula mlanduwu. Zafika msinkhu wanji?

Wofufuza m'mitsinje: Ziwiri zatulutsa kale miyendo yakutsogolo. Zinazo ngakhale yakumbuyo sinaoneke.

Mkulu wa gulu: Ziwirizo zichotseni pa chiwerengero. Mbululu ikayamba kusanduka chule imataya yokha timano timeneto, palibe matenda apo. Ine chaka changa choyamba ndinadzaza tsamba lonse ndi "odwala" oterewa, manyazi ake mpaka lero. Zing'onozing'onozo ndiye zokayikitsa.

Mayi a ku labu: Zimenezo muzipake kathonje ka swab pakamwa mofatsa, kathonje kamodzi mbululu imodzi. Kaume, mukatsekere m'kachubu kake, kasakhale padzuwa. PCR, njira ya ku labu yofufuzira DNA ya fangasiyu, ndiyo itiuze zoona. Chubu chopanda dzina la mtsinje ndi deti sindilandira, ndaneneratu.

Wosamala zipangizo: Funso langa ndi lina. Mwazigwira ndi chiyani?

Wofufuza m'mitsinje: Magolovesi a latex, ndi amene ndinali nawo m'chikwama.

Wosamala zipangizo: Mayo ine! Latex imapha mbululu. Tengani a vinyl, muwatsukuluze ndi madzi musanagwire, ndipo muzisintha mukamaliza iliyonse. Komanso musaziunjike m'ndowa imodzi. Fangasiyu amafala ndi timbewu tosambira m'madzi, ndiye imodzi yodwala idetsa zinzake zonse, zotsatira za ku labu zidzatinamiza. Iliyonse m'kapepala kake ka pulasitiki.

Wofufuza m'mitsinje: Nanga jombo? Mawa ndimafuna kuwolokera ku mtsinje wachiwiri.

Mkulu wa gulu: Yambani mwakwecha matope onse, chifukwa mankhwala sagwira pa dothi. Kenako viikani jombo ndi maukonde mu Virkon, mankhwala ophera tizilombo, ya 1 peresenti, mutsukuluze kutali ndi mtsinje. Ngati Virkon yatha, mawa musapite. Ziume kaye gwa, mudzawoloke mkuja.

Wofufuza m'mitsinje: Yatsala ya ndowa imodzi. Ndisungunula m'mamawa.