Amisiri asiya maringi pomwe bimu ikumana ndi pilala, tithire konkire?

Mwana wa Kapata: Abale odziwa zomanga ndithandizeniko. Tikumanga ka apusteya ku Kalongwezi kuno ku Chipata, Zambia, mapilala aima kale, manje tafika pothira mabimu ndi silabu. Ndakwera kukaona nsimbi, pomwe bimu ilowa mu pilala palibe ringi (kansimbi kozungulira nsimbi zoimirira za pilala) olo imodzi, onse athera pansi. Amisiri ati pamenepo nsimbi zathinana kale, ukaonjeza maringi miyala siilowa. Ma Y16 (nsimbi za 16mm) a bimu ya pakona nawo angodula osapinda. Tithire kapena tiime?

Injiniya Phiri: Imani kaye achimwene. Bimu ikalemedwa, pafupi ndi pilala nsimbi za pamwamba zimakoka, konkire ya pansi ikukankha, ndiye mphamvu zonsezo zimathera pa jointi, kabokosi komwe bimu ikumana ndi pilala, popanda maringi konkire imang'ambika mopingasa, kenako nsimbi za pilala zimapindikira kunja. Maringi a pilala apitirire mkati mwa jointi, motalikirana 100mm kapena monga pulani inenera. Ma Y16 a pakona awapinde ngati L, a pamwamba mchira uloze pansi, a pansi uloze m'mwamba, mkati mwa pilala kumbali yakutali, apo ayi nsimbi imangosololoka. Ndipo asalumikize nsimbi pamenepo.

Bilikileya wa Mchini: Bwana injiniya papepala nzosavuta mwandi, koma kulowetsa ringi pomwe mabimu anayi akumana, imeneyo ndi nkhondo, zala zimachita kutupa. Ife timayamba taveka maringi pa pilala osamanga waya, tilowetsa nsimbi za bimu, ndiye timangilira pambuyo. Za miyala amisiri anuwo sananame, gulani yaing'ono ya 13mm ya pamajointi ndipo mubwereke poka (makina ogwedeza konkire), kugogoda shatala ndi hamala chabe mudzapeza zibowo mukamasula matabwa.

Amai Tembo: Koma kuno kulibe zivomezi, nyumba zambiri mtauni zaima bwinobwino, si kungoonongetsa ndalama uku?

Injiniya Phiri: Amai, chigwa cha Luangwa ndi rifiti ndithu, malo omwe nthaka inang'ambika ndi kutsika, ndipo a ku Malawi anagwedezeka ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Nyumba ikagwedezeka jointi imakokedwa uku ndi uku, ming'alu imapanga X. Bola bimu ing'ambike pilala itsale, chifukwa jointi ikaphwanyika silabu yonse imatsika. Maringi atatu anayi a R8 (nsimbi za 8mm) ndi ndalama zingati?

Mwana wa Kapata: Zikomo nonse, simenti idikire. Mawa timasula waya pamakona.