GT86 ya kasitomala: tiike turbo kapena agule GR Supra?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pagalaja pali Toyota GT86 ya 2014, giya yamanja, injini FA20 ya malita 2.0 yosatsegulidwapo. Mwini wake akufuna mphamvu ya injini ichoke pa 200 hp ifike 300, koma aziyendera tsiku ndi tsiku. Zikakanika akuti aigulitsa, awonjezere ndalama agule GR Supra ya 3.0. Ndimuuze zotani?

Wa mainjini: Achimwene, musanatchule mtengo yezani kaye kompuresheni injini ili yotentha. Masilinda anayiwo asasiyane kuposa 10 peresenti. FA20 inapangidwa ndi kompuresheni ya 12.5:1, yokwera kwambiri kwa injini yoti ilandire turbo, ndiye boost, mphamvu imene turbo imakankhira mpweya mu injini, musapitirire 0.5 bar ngati simukusintha zam'kati. Papepala 0.5 bar imapereka theka lina pamwamba pa 200, koma kutentha kwa mpweya kumadyapo, mungapeze mwina 270 kapena 280. Chopha injiniyi ndi torque (mphamvu yopotokola, yoyezedwa mu Nm) yobwera mwadzidzidzi pa 3,000 rpm munthu ataponda mpaka pansi ali m'giya yayikulu. Ma con rod, zitsulo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft, amapindika pamenepo. Akakakamira 300 yodalirika, injini itsike, mulowe ma con rod ndi mapisitoni a forged, osulidwa olimba kwambiri.

Wochuna ECU: Zoona madala. Ndiwonjezere kuti pa kompuresheni imeneyo petulo akhale wa octane 98, apo ayi injini imagogoda, ECU (kompyuta ya injini) n'kubweza timing, kutanthauza kuchedwetsa moto wa mapulagi, mphamvu munalipira ija n'kuthawa. Kuchuna kuchitikire pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto), mukuona knock (kugogoda kuja) ndi muyeso wa mpweya ndi petulo, osangothira fayilo yapa intaneti. Njira ina m'malo mwa turbo ndi supercharger ya centrifugal, yoyendetsedwa ndi lamba wa injini: imakweza boost pang'onopang'ono motsatira rpm, choncho siizunza ma con rod ngati turbo.

Komabe mufunseni bwino chikumuwawa n'chiyani. Galimoto imeneyi imafooka cha pa 4,000 rpm, ndipo ambiri akamati ilibe mphamvu amanena dzenje limenelo. Header yatsopano ya ekizozi (mapaipi otulutsa utsi pa injini) ndi kuchuna zimalikwirira kwambiri popanda boost.

Wa mabuleki ndi matayala: Bili ya turbo simathera pa turbo. Kilatchi yakufakitale inapangidwira 205 Nm, iyamba kuterera. Oil cooler (choziziritsira oyilo) njofunika, chifukwa oyilo akamadutsa madigiri 130 amapyapyala ndipo ma bearing amavutika. Kenako mapadi opirira kutentha, brake fluid watsopano wa DOT 4, ndi matayala. Aja akufakitale a 215/45 R17 anaikidwa dala osagwira kwambiri kuti kumbuyo kuziterera. Pa 280 hp mufunika 245/40 R17 pa marimu otambalala. Zonsezi zilembedwe pa koteshoni imodzi, asadzati munamubisira.

Wogula ndi kugulitsa: Supra ya 3.0 ija, ya injini B58, inatuluka ndi 340 hp ndi 500 Nm, ndipo redieta, giyabokosi ndi mabuleki zinapangidwira mphamvu yomweyo. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500 pomwe GT86 ili cha pa 1,250, ndiponso ili ndi mipando iwiri yokha. Pogulitsa, ndalama ya turbo sibwerera, ogula amaopa injini yoseweretsedwa. A inshuwalansi nawonso ayenera kuuzidwa za kusinthako, akapanda kudziwa akhoza kukana kulipira ngozi ikachitika. Musaiwalenso GR86 ya malita 2.4, yomwe inalowa m'malo mwa GT86: imapereka 250 Nm pa 3,700 rpm, dzenje lija n'lochepa, ndipo kulemera sikusiyana kwenikweni ndi GT86.

Wofunsa: Ndiye tingoti 300 hp yoyendera tsiku lililonse isiyidwe?

Wa mainjini: Pa injini yosatsegula, isiyidwe. Mupatseni makoteshoni awiri. Yoyamba header, kuchuna, matayala ndi mapadi. Yachiwiri turbo ndi zonse zatchulidwazi, kuphatikizapo ma con rod, mapisitoni ndi masiku amene galimoto ikhale pagalaja. Yachiwiriyo ikayandikira ndalama yowonjezera pogula Supra, muuzeni mosabisa kuti agule Supra, ndipo GT86 aigulitse musanamasule bawuti ngakhale imodzi.