Kodi ophunzira uinjiniya tingawaphunzitse bwanji za udindo wawo kwa anthu?

Mphunzitsi wa ku Tete: Akuluakulu, ndimaphunzitsa achinyamata amene akukonzekera kukhala mainjiniya a migodi, ndipo chaka chino ndapatsidwa maola ochepa oti ndikambe za mmene ntchito yathu imakhudzira anthu. Ndikangoiyamba nkhaniyi ophunzira amatseka makope, chifukwa amadziwa kuti chimene chimawagwetsa pa mayeso ndi masamu. Kodi anzanga mumatani kuti phunziroli lisamveke ngati ulaliki?

Bambo a ku Moatize: Aphunzitsi, musawatsekere m'kalasi. Pitani nawo ku Cateme, kumene mabanja mazanamazana anasamutsidwira m'zaka za 2009 ndi 2010 pofuna kupereka malo ku mgodi wa malasha. Pa mapu nyumba ndi kadontho chabe, koma mwana akaima m'munda n'kufukula dothi ndi dzanja lake, kenako n'kufunsa mayi wa pakhomopo kuti msika ndi mjigo zili kutali bwanji, adzamvetsa chimene chinachititsa anthu a kumeneko kutseka njanji mu Januwale 2012.

Injiniya wa ku Songo: Ulendo ndi wabwino, koma umaiwalika. Ine ndikuti anthuwo alowe m'masamu momwemo. Damu la Cahora Bassa limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri amapita ku South Africa pa nthambo zotalika pafupifupi makilomita 1,400, zimene zimadutsa pamwamba pa midzi ina yosayatsa ngakhale babu limodzi. Apatseni funso la kutsegula zipata za madzi, ndipo amene wawerengera bwino mphamvu ya makina koma osatchula madimba a m'mphepete mwa Zambezi kumunsi kwa damu, mumuchotsere malikisi. Makopewo sadzatsekedwanso.

Mayi a ku Ulongwe: Pepani abambo, mukuyankhula ngati kuti mwana wongoyamba ntchito angatsutse bwana wake. Sangatero, poti kumudzi akudikira malipiro akewo. Chimene angathe ndi kulemba lipoti loona n'kukana kusayina chimene sanachione ndi maso, ndipo luso limenelo ndi lofunika kuliyeserera. Komanso ana athu amaphunzira zonse m'Chipwitikizi, mwakuti pa msonkhano wa kwa amfumu amasowa mawu. Auzeni afotokoze kuopsa kwa fumbi la malasha m'Chichewa kapena m'Chinyungwe pamaso pa gogo wosapita kusukulu.

Mphunzitsi wa ku Tete: Zikomo nonse. Ndalama ya basi yopitira ku Cateme palibe woipereka pakadali pano, choncho ndiyamba ndi za fumbizo Lolemba likudzali.