Kodi malamulo amalola kutchera msampha ndi kujambula munthu wonyengerera mwana pa Facebook?

Membala wosadzitchula dzina:
Moni nonse. Ndapempha oyendetsa gulu kuti abise dzina langa chifukwa kuno ku Chitakale timadziwana kwambiri, ndipo nkhaniyi ikukhudza mwana. Ndikulera mtsikana wa malemu mchemwali wanga, ndipo chimwalirire mayi ake, alamu anga sanaperekepo ngakhale ndalama yogulira kope, koma pa Khirisimasi anabwera ndi foni yamakono n'kumupatsa mwanayo osandifunsa ine amene ndimathyola tiyi kuti adye. Malume ake, omwe ndiwo mwinimbumba, ali ku Joni ndipo amayankha mauthenga pamene afunira, moti zonse zangogwera ine. Tsopano ndatulukira kuti pali bambo wina amene wakhala akumulembera mwanayu pa Facebook, kumutumizira mayunitsi ndi ndalama pa foni, ndipo akumuitanira ku nyumba ina yogona alendo ku Limbuli. Mwana wanga wamwamuna ndi anzake awiri, amene amajambula makanema a maukwati, akuti tisafulumire kupita ku polisi. Akufuna kuchita zimene amaonera pa YouTube: kumamuyankha bamboyo ngati kuti ndi mtsikanayo, kupangana naye tsiku, kubisa makamera, ndipo akangofika amugwire akuulutsa pompopompo pa Facebook, kenako kanemayo akamupereke ku wailesi ya kanema. Kodi malamulo amalola zimenezi, ndipo kodi kanema wotere khoti lingamulandire ngati umboni? Ndikufunsanso chifukwa kamera imodzi ndi yobwereka, ndipo ikakasweka pa chipwirikiti, mwini wake adzandilipiritsa ine.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chisitu:
Mayi, pepani ndi zimene mwakumana nazo, koma simunatiuze kuti mtsikanayo ali ndi zaka zingati, ndiponso simunanene ngati mauthengawo akadali m'foni kapena anafufutidwa. Yankho lililonse limene mungalandire pano likudalira zinthu ziwiri zimenezi.

Naphiri:
Muyalutseni basi, dziko lonse limuone nkhope. Kumene tinkakhala kale, mwana wa mlongo wanga anachitidwa zachipongwe ndi bambo wa golosale, ndipo ife tinatsatira njira zonse zimene anthu ophunzira amalangiza. Bamboyo anatuluka pa belo, mlandu unkangosunthidwa mwezi ndi mwezi, abale ake ankabwera usiku ndi ndalama kuti tikambirane pachiweniweni, mpaka mlongo wanga anatopa ndi ndalama zoyendera n'kusiya. Lero munthuyo akugulitsabe shuga kwa ana asukulu. Pakanakhala kanema, palibe kholo limene likanatumanso mwana pa golosale imeneyo.

Bambo a Madalitso, Luchenza:
Ndikuona kuti ambiri muno muyankha ndi mkwiyo musanadziwe n'komwe kumene makanema amenewa anachokera, choncho ndiloleni ndikuphunzitseni. Zimene anyamatawo akuonera pa YouTube zinatchuka ndi pulogalamu ya ku America yotchedwa To Catch a Predator, imene inkaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 2004 mpaka 2007, ndipo mtolankhani wake anali Chris Hansen. Gulu lina lotchedwa Perverted-Justice linkaika akuluakulu pa intaneti kuti azidzionetsa ngati ana, munthu akakopeka ankamuitanira ku nyumba yodzaza makamera, ndipo m'zigawo zambiri za pulogalamuyo apolisi ankakhala atabisala panja. Onetsetsani mfundo imeneyi: womanga munthu anali wapolisi, ndipo m'nyumbamo simunkakhala mwana weniweni ngakhale mmodzi. Komabe ngakhale anali ndi ndalama, maloya ndi apolisi, zinthu zinasokonekera mu 2006 ku Murphy m'chigawo cha Texas. Mkulu wina wogwira ntchito yoimira boma pa milandu, amene ankamuganizira kuti analemberana ndi mmodzi wa onamizira kukhala ana aja, sanapite ku nyumba ya msamphayo, ndipo apolisi atamulondola kwawo, ojambula ali panja, anadziwombera n'kumwalira. Mchemwali wake anasumira NBC kuti ilipire madola 105 miliyoni, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti mu 2008. Choposa apo, ofesi yozenga milandu ya dera limenelo inakana kuzenga milandu 23 ya anthu amene anagwidwa pa msampha umenewo, ponena kuti umboni wake sunali wokwanira. Ndiye ngati zinawavuta a NBC, anyamata atatu ojambula maukwati ndi kamera yobwereka akuganiza kuti aphula kanthu?

Achimwene a kabaza, Nkando:
Ine nkhawa yanga ili pa ojambulawo, chifukwa ngati ali ofanana ndi amene anajambula ukwati wa mng'ono wanga, kanemayo adzatuluka patatha miyezi isanu, nkhope ya wolakwayo isakuoneka, koma nyimbo yakumbuyo ikumveka bwino kwambiri.

Naphiri:
Achimwene, nkhani ya mwana si yoseketsa. Ndipo inu Bambo a Madalitso, mwatitengera ku America ngati kuti mayiwa afunsa mtengo wa tikiti ya ndege. Kuno ndi ku Mulanje, ndipo munthu wotereyu chimene amaopa ndi manyazi okha.

Wokonza mafoni, Thyolo boma:
Mayi, musafufute chilichonse ndipo musamutseke bamboyo pa Facebook musanasunge umboni. Jambulani mauthenga onse kuyambira poyambirira, tsiku ndi nthawi zikuoneka, jambulaninso tsamba lake, ndipo sungani mauthenga a ndalama zimene ankatumiza, chifukwa kuyambira 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo apolisi ali ndi njira yofunsira ku kampani ya foni kuti nambalayo ndi ya ndani. Ngati m'fonimo muli zithunzi zamaliseche za mwanayo, musazitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa malume ake ku Joni, chifukwa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kufalitsa kapena kusunga zithunzi zotere za ana. Foniyo ipite ku polisi mmene ilili.

Wophunzira zamalamulo, kwawo ku Goliati:
Bambo a Madalitso anena mbali imodzi yokha. Mu 2020 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linaweruza mlandu wa Sutherland wochokera ku Scotland, pomwe munthu wina anagwidwa ndi gulu la anthu wamba atalemberana ndi wamkulu amene ankadzionetsa ngati mnyamata wa zaka 13. Wolakwayo anadandaula kuti ufulu wake wosunga zinsinsi unaphwanyidwa, koma oweruza anakana dandaulolo ndipo umboniwo unagwira ntchito. Choncho si zoona kuti umboni wosonkhanitsidwa ndi anthu wamba ndi wopanda pake nthawi zonse.

Bambo a Madalitso, Luchenza:
Mwana wanga, pitiriza sukulu, koma uziwerenga mlandu mpaka kumapeto. Chimene khotilo linavomereza ndi chakuti boma likhoza kugwiritsa ntchito mauthenga amene anthu wamba apereka ku polisi. Silinapereke chilolezo choti munthu aliyense azitsekera mnzake m'chipinda, kumuopseza kuti avomere, ndi kumuulutsa kwa anthu zikwizikwi khoti lisanamve mbali yake. Tibwerere kwathu kuno, popeza a Naphiri akudana ndi ndege. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndiponso sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Gawo 21 limateteza zinsinsi za munthu, kuphatikizapo zimene amalankhulana ndi ena pa foni. Gawo 36 limapereka ufulu kwa atolankhani, inde, koma wailesi ya kanema ili ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, chimene siingafune kuchiika pachiswe chifukwa cha kanema wa anyamata a ku Chitakale. N'zoona kuti munthu wamba amaloledwa kugwira wopalamula mlandu waukulu, koma ayenera kumupereka ku polisi mosachedwa. Akangomusunga kuti amufunse mafunso pa kamera, akangomumenya khofi limodzi, kapena wina mwa anyamatawo akangotchula za ndalama kuti kanemayo asatuluke, milandu yatembenukira kwa iwo, ndipo loya wa bamboyo adzayamba ndi zimenezo m'khoti. Ndipo ngati munthu amene wafika pa chipindacho si amene ankalemba mauthengawo, mwina wangotumidwa kapena foniyo amabwerekana, mayiwa adzasumiridwa chifukwa choipitsa mbiri ya munthu ndipo adzagulitsa munda.

Mkulu wa mpingo, Makwasa:
Gwero la zonsezi ndi mafoni amene makolo mukupatsa ana. Ife tinakula opanda Facebook ndipo mtsikana ankalangizidwa ndi anamkungwi ndi azakhali ake. Mulandeni foniyo, muitanitse bambo ake ndi akuluakulu a mpingo, ndipo mwanayo alangizidwe kuti asamalandire ndalama za amuna.

Mayi a Tamandani, Chonde:
Abambo, ndi ulemu wonse, nkhanza kwa atsikana zinalipo mafoni asanabwere, kungoti zinkabisidwa m'mabanja. Wolakwa pano ndi bambo wamkulu amene akunyengerera mwana ndi mayunitsi, ndipo mukayamba ndi kudzudzula mwanayo, mawa lake sadzaululanso kanthu kwa azakhali ake.

Naphiri:
Zonse zimene mukunena, Bambo a Madalitso, ndi zoteteza wolakwa. Mwatchula ufulu wake katatu konse, koma ufulu wa mwanayu simunautchule ngakhale kamodzi.

Bambo a Madalitso, Luchenza:
Mayi, musandiike mawu m'kamwa. Ine ndikufuna munthuyo akalowe m'ndende, pamene inu mukufuna angochita manyazi kwa mlungu umodzi kenako asamukire ku Phalombe kukayambiranso. Komanso inu mukulankhula ngati mlendo m'dera lino. Mwaiwala zimene zinachitika mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje konkuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre? Anthu anaphedwa ndi magulu olusa popanda umboni uliwonse, misewu inatsekedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma athu ano. Tsopano taganizirani kuulutsa pompopompo kuchokera ku Limbuli pa tsiku la msika, anthu akuona pa foni kuti munthu wagwidwa pa nyumba yakutiyakuti. Kodi anyamata atatuwo adzaletsa gulu limene lidzabwere ndi miyala ndi petulo? Ngakhale ku Netherlands, mu 2020 mu mzinda wa Arnhem, bambo wa zaka 73 amene anali mphunzitsi wopuma ntchito anamwalira atamenyedwa ndi achinyamata amene anamuitanira pa msampha wotere, ndipo amene anaimbidwa mlandu ndi achinyamatawo. Munthu akafera pamenepo, kanema amene mwana wa mayiwa wajambula adzakhala umboni womumangitsa iye mwini.

Wogwira ntchito yoteteza ana m'mudzi:
Mayi, imbani 116 lero lomwe. Imeneyi ndi nambala yaulere yothandiza ana, ndipo adzakulumikizani ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Mukhozanso kupita molunjika ku Victim Support Unit ya polisi, mutatenga foniyo ndi chikalata chosonyeza zaka za mwanayo. Ngati pakufunika kumutchera bamboyo, apolisi ndiwo angakonze zimenezo mwanayo ali kutali. Dziwaninso kuti lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice limateteza kuti mwana wokhudzidwa ndi mlandu asadziwike kwa anthu, ndipo kanema akangotuluka, sukulu yonse idzadziwa kuti ndi iye ngakhale mutabisa nkhope yake.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse, ngakhale kuti ena mukulankhula ngati foniyo ndinagula ndine. Alamu anga ndawaimbira ndipo akuti ndikufuna kuwaipitsira dzina chifukwa anakwatira mkazi wina, zimene si zoona konse, chifukwa mkaziyo ndinamulandira bwino pa sadaka ya malemu. Za mauthenga, ena mwanayo anafufuta chifukwa cha mantha, koma anyamatawo akhala akumuyankha bamboyo kuyambira Lolemba ndipo avomera kale zokumana Loweruka likubwerali. Bamboyo anapempha chithunzi chatsopano ndipo anamutumizira cha mwanayo atavala yunifolomu. Akuti mtsikanayo angoima pakhomo pa chipindacho kuti bamboyo asakayike, iwo ali m'kati.

Bambo a Madalitso, Luchenza:
Mayi, zimenezi ndiye munayenera kuyamba nazo m'malo motiuza za kamera yobwereka! Mukufuna kumuimika mwana wa malemu mchemwali wanu ngati mbuzi yomangirira pa msampha wa fisi? Ngakhale a ku America aja, ndi zolakwika zawo zonse, sanaikepo mwana weniweni pakhomo. Komanso anyamatawo awononga kale mbali ina ya umboni, chifukwa tsopano m'fonimo mwasakanikirana mawu a mwanayo ndi mawu awo, ndipo loya adzanena kuti amene anatchula malo ndi tsiku ndi iwowo. Asiye kulemba lero lomwe, ndipo mukakafika ku polisi mukanene poyera tsiku limene anyamatawo anayamba kuyankha.

Naphiri:
Pa mfundo yoti mwanayo asapite ku Limbuli ndikugwirizana nanu, koma nkhope ya bamboyo iyenera kuoneka ndithu, ngakhale litakhala tsiku limene akutuluka m'khoti.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chisitu:
Mayi, ndikubwerezanso funso langa, chifukwa yunifolomu amavala ngakhale a zaka 19. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 lamulo la milandu linasinthidwa kuti kugonana ndi mwana wosakwana zaka zimenezo ukhale mlandu umene chilango chake chikhoza kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Mtsikanayu anabadwa chaka chiti?

Wokonza mafoni, Thyolo boma:
Mutiuzenso ngati nambala imene inkatumiza ndalamayo ikuyamba ndi +265 ndiponso ngati bamboyo amaimba ndi nambala yomweyo, chifukwa Limbuli ili pafupi ndi chipata cha Muloza, ndipo ngati akukhala tsidya la Milange, akangoona kanema kapena kumva mphekesera adzawoloka tsiku lomwelo.