Chidole cha mayi wosinja ndi tambala wakuba: mota ikuthamanga kwambiri

Bambo a Takondwa, Turffontein

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikupanga chidole chathabwa choti ndikasangalatse nacho ana pa mkumano wathu wa pa 6 July, popeza ambiri mwa ana athu obadwira kuno ku Johannesburg sanauonepo mtondo ndi maso awo. Chidolecho ndi mayi amene akusinja, ndipo pambali pake pali tambala amene amalowetsa mutu mumtondo kuti abe chimanga musi ukakwera, n'kuuthawitsa musiwo usanatsike. Mayiyo ndamusema kale, ndi wamtali masentimita 25, ndipo ndamuveka kachitenje.

Vuto lili pa mota. Ndinaichotsa m'kagalimoto koseweretsa ana, koma nditailumikiza ku mabatire anayi inazungulira mwaliwiro loti musi unauluka ndipo khosi la tambala linathyoka. Nditachotsapo mabatire awiri, inangolira osanyamula musi n'komwe. Mnzanga wina akuti ndikagule mota ya waipa, zopukuta galasi la galimoto zija, kwa ogulitsa zitsulo zakale za galimoto. Kodi imeneyi ingathandize? Nanga ndingatani kuti tambalayo azipulumuka nthawi zonse?

Wokonza magetsi a galimoto, Booysens

Achimwene, mota ya waipa ilekeni. Ndimazigwira tsiku ndi tsiku, ndipo mphamvu yake ndi yokokera zitsulo pagalasi la galimoto mvula ikugwa, moti mwana akapisa chala m'chidolecho motayo siima, imangopitiriza. Imafunanso ma volt 12 ndi moto wochuluka, ndiye kuti mudzasenza batire lalikulu chifukwa cha kachidole kopepuka. Wina akakuuzani za mota yozunguza mbale mu microwave, imeneyonso ikaneni, chifukwa zambiri mwa izo zimayendera magetsi apakhoma a ma volt 230, ndipo poyamba kuyenda zimadzisankhira zokha kozungulirira.

Mota imene muli nayoyo imazungulira kambirimbiri pa mphindi koma ilibe mphamvu yonyamulira katundu, ndipo kuchepetsa mabatire kumachotsa liwiro ndi mphamvu yomwe, n'chifukwa chake inangolira. Chofunika ndi magiya, amene amasandutsa liwiro kukhala mphamvu. Pali timota tachikasu ta magiya a 1:48, timene pa ma volt 6 timazungulira pafupifupi ka 200 pa mphindi. Kuti muchepetse liwiro limeneli, ikani kagudumu ka masentimita 2 pa mota ndi gudumu la masentimita 8 pa mtengo woyendetsa chidole, muzilumikize ndi lamba wodula ku chubu cha njinga, ndipo mupeza 50 pa mphindi. Ubwino wa lamba ndi wakuti chinthu chikakodwa amangoterereka, saphwanya kanthu. Palinso timota tating'ono ta magiya achitsulo totchedwa N20, timene timagulitsidwa ndi liwiro lolembedwa kale, monga 30, 60 kapena 100 pa mphindi. Funsani m'masitolo a zida zamagetsi, kapena yang'anani pa intaneti.

Mayi a Pemphero, Rosettenville

Bambo a Takondwa, za mota sindiyankhapo, koma ndasinja kuyambira ndili kamtsikana kwathu ku Dedza, ndiye ndikupemphani kuti musamange mikono yokha. Munthu wosinja amaweramira kutsogolo kuchokera m'chiuno musi ukamatsika, ndipo amaukweza pang'onopang'ono koma n'kuugwetsa mwamphamvu kamodzi. Musi ukamakwera ndi kutsika mofanana, ife amayi tidzaona msanga kuti uku si kusinja ayi. Muikemonso chimanga chenicheni pang'ono mumtondomo kuti phokoso limveke.

Za tambala, ine ndikuona kuti asamabe nthawi iliyonse musi ukakwera. Nkhuku yakuba imayamba yayang'ana, imadikira mwini wake asinje kawiri kapena katatu, kenako n'kujompha mwadzidzidzi. Ana adzaseka chifukwa cha kudikirako, pamene akudziwa kuti wakubayo abwera koma sakudziwa ngati mutu wake upulumuke.

Kalipentala wa ku Mayfair

Zimene anena mayiwa n'zotheka, ndipo sizifuna mota yachiwiri. Chinsinsi chake ndi kuika zonse pa mtengo umodzi wozungulira pansi pa bokosi, kuti musi ndi tambala asasemphane ngakhale mabatire atayamba kufooka. Pa mtengowo mulowetse timatabwa tiwiri tozungulira, timene amisiri amatitcha ma cam. Ka mayi kakhale ndi mapiri atatu, phiri lililonse lokwera pang'onopang'ono koma lothera pa phompho ngati chigoba cha nkhono, kuti ndodo yokankha mikono izikwera modekha n'kugwa kamodzi. Ka tambala kakhale ndi kaphiri kamodzi kokha, kafupi ndi kosongoka. Mtengo ukazungulira kamodzi, mayi asinja katatu ndipo tambala aba kamodzi.

Izi zikusintha masamu a liwiro. Ngati mukufuna kuti musi uzigwa kamodzi pa sekondi, mtengowo uzizungulira ka 20 pa mphindi, choncho N20 ya 30 ndi imene ili pafupi, ndipo mukaipatsa mabatire atatu m'malo mwa anayi itsika ndithu kufika chapomwepo, mphamvu n'kutsalabe yokwanira chifukwa cha magiya.

Musathamangire guluu. Kathabwa ka tambala mukagwire ndi kasikuluwu, muzunguze mtengo ndi dzanja, ndipo muzikasuntha pang'onopang'ono mpaka mutu uzituluka musi utatsala pang'ono kugwa. Pamenepa mpamene pagona nthabwala yonse, ndipo mukhoza kutherapo madzulo athunthu. Kumbukiraninso kuti kathabwa ka phompho kamayenda mbali imodzi yokha, moti mukatembenuza mawaya a batire ndodo idzagunda khoma la phompholo n'kukakamira. Lembani chizindikiro pa mawayawo. Khosi latsopano la tambala likhale la sipuling'i ya m'bolopeni kapena waya wofewa, kuti tsiku lina musi ukamupeza angopindika. Pokhulana matabwa pakanipo kandulo, osati mafuta, chifukwa mafuta amalowerera m'thabwa ndipo amakoka fumbi.

Bambo a Takondwa, Turffontein

Zikomo kwambiri nonsenu. Usiku wathawu ndinadula timatabwa toyesera kuchokera ku katoni yolimba, ndipo pozunguza ndi dzanja mayiyo wasinja katatu, tambala n'kujompha kamodzi monga mwanenera. Takondwa anaseka mpaka kukhala pansi, ngakhale kuti mota sinafike. Chiuno ndachidula ndipo ndachimangirira ndi msomali wopyapyala kuti chiziwerama. Chatsala ndi chakuti musi ukumagwera m'mphepete mwa mtondo m'malo mwa pakati. Akalipentala, kodi ndiboole manja a chidole kuti musiwo uzigwedera momasuka, kapena ndiupangire njira ya waya kumbuyo kwake?