Zija za neutral yotentha mu labu, analyser yatiuza

Abale, paja ndinafunsa chifukwa chake waya wa neutral mu labu yathu ukufunda pomwe ma phase onse atatu akukoka ma amp pafupifupi ofanana. Amene munati ndi ma harmonic aja (ma frequency okwera kuwirikiza 50Hz amene amapindapinda wave ya magetsi) munalasa ndithu. Tinabwereka Fluke 435, analyser yoyeza ubwino wa magetsi, nkuilumikiza pa board, ma clamp atatu pa ma phase ina pa neutral, nde titatsegula screen ya ma harmonic tinapeza mzati wa 150Hz utatalika zedi, imeneyo ndi harmonic yachitatu ya 50Hz yathuyi ndipo iyoyo siifafanizana pa neutral ayi, yochokera ku ma phase onse atatu imangophatikizana. Oyambitsa ndi makompyuta, ma UPS ndi magetsi a LED adzadza muno.

Ka clamp meter kathu kakale kaja si ka true RMS (koyeza molondola ngakhale wave itapindika), kamawerenga ngati wave ili yosalala pomwe yapindikapindika, nchifukwa chake kamapereka nambala yochepa. Chandisangalatsa kwambiri ndi power factor (PF, gawo la mphamvu yokokedwa lomwe likugwiradi ntchito), analyser imaonetsa ziwiri, cos phi yosawerengera ma harmonic inali pafupi ndi 1 koma PF yeniyeni yowerengera ma harmonic ili pansi. Nde amene mumati tiike ma capacitor pepani, apa sangathandize, mwinanso angobweretsa resonance yokulitsa ma harmonic, zinthu nkuipiraipira.

Voltage ilibe vuto, ili cha m'ma 230V, THD yake (muyezo wa ma harmonic onse pamodzi) sinafike malire a 8% a EN 50160, standard ya ku Ulaya ya ubwino wa voltage. Panopa taisiya ikujambula sabata yathunthu pa ma average a mphindi 10 monga standard imanenera. Alipo anayesapo active filter (chipangizo chofafaniza ma harmonic) pa board yaing'ono chonchi, kapena tingokulitsa neutral basi?